Batili la Tulo Tanga

Tinapangana kunyamuka faivi koloko. Tinachoka ku Kalindawalo seveni, ine ndi amai a kunyumba, panjinga imodzi. M'thumba munali makina amene mwana wathu anatumiza kuchokela ku Lusaka. Adokotala anati ndikagona mpweya umaima pakhosi, tsiku lina udzaimilatu. Makinawo amauzila mpweya m'mphuno. Koma afuna magetsi. Kwathu kulibe.

Pa Petauke njinga tinasiya kwa mlamu. Minibasi ya ku Nyimba, kulipila teni pini munthu mmodzi. Kondakitala anasuzumila m'thumba, anaona chipaipi chachitali chovala kumphuno.

"Bambo, njovu iyi ilipila?"

Ndinatseka thumba.

Pa Minga tinaima nthawi, kudikila mbuzi ya munthu wina. Tinadya chinangwa chootcha. Nyimba tinafika dzuwa lili pamutu.

Masola, aja opanga magetsi ndi dzuwa, amagulitsa ndi a Zuze, amene anabwela nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki. Sitolo yao ili pafupi ndi azimai ogulitsa nthochi. A Zuze anawelenga kumbuyo kwa makina, natenga pensulo.

"Batili timayesa ndi tulo. Mugona maola angati?"

"Asanu. Ndine mlimi."

Amai anatsokomola.

"Musaname," anatelo a Zuze. "Batili likatha mukali m'tulo, makina aima. Inunso muima."

"Lembani naini," anatelo amai. "Muikepo awili a pansi pa mtengo wa mango."

"Kumeneko ndimaganiza."

"Amaganiza ndi mkonono mpaka nkhuku kuthawa. Ndiye kuli ku chalichi."

Azimai a nthochi anasiya malonda, anadzaza pakhomo. A Zuze anafunsa ngati makina azipita ku Misa. Amai anati ansembe angakondwe, ulaliki uzimveka.

A Zuze anandiyang'ana. "Ndilembe ziti, a Tembo?"

Ndinayang'ana pakhomo. Ndinagwila pakhosi.

"Lembani za amai."

Anawonjezela masiku awili a mitambo ya Januwale. Zinatuluka sola yaikulu ngati chitseko ndi mabatili awili onga a thilakita.

Pobwelela, mabatili anakhala pampando, ine pa thumba la makala. Kuchoka pa Petauke amai anasenza sola, ine ndinakankha njinga itanyamula mabatili. Panjila aliyense anafunsa ngati tikutsegula chigayo. Amai anayankha aliyense, osasiya mmodzi.

Ndaphunzila ichi. Munthu unganamize mudzi zaka makumi atatu, koma batili ayi. Tulo ta mlimi ndikanatinyamula ndi dzanja limodzi. Tanga tinathyola masipoko atatu.