Masiku Atatu Osintha Nambala Imodzi

Ndivomere lero kuti a Banda ndinawanamiza. Iwowa ali ndi shopu ya mipando ku Jeppestown, ndipo webusayiti yawo ndinakonza ndine. Mpando uliwonse uli ndi tsamba lake, koma masamba onsewo amatuluka m'chikombole chimodzi chomwe timati templeti. Ukasintha mzere umodzi mmenemo, onse amasintha okha.

Atagula foni yatsopano anandifunsa kuti, "Kuika nambalayi paliponse kutenga nthawi yaitali bwanji?"

"Masiku atatu, abambo," ndinayankha osaphethira. Ndinkafuna kuoneka wolimbikira.

Ntchitoyo ndinaimaliza tiyi asanazizire n'komwe. Kenako ndinkangokhala pakona nditakwinya nkhope pa laputopu, chonsecho ndikuonera mpira. Mayi Banda anandimvera chisoni mpaka kundigulira nkhuku ndi tchipisi. "Eish, mwanayu atifera," ankatero. Ndinadya, ndi mafupa omwe.

Tsiku lachitatu a Banda anaima kumbuyo kwanga atagwira mutu. "Mwanawe, ndinakupatsa nambala yolakwika. Makasitomala akuimbira munthu wa ku Soweto. Ndiye masiku atatu enanso?"

Zinandikhudza. Ndinatsegula templeti ija iwo akuona, n'kukonza manambala awiri, basi masamba onse anasintha.

A Banda anandifunsa kuti, "Nanga masiku onsewa umatani?"

"Mpira, abambo."

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuthamangira panja kukaitana owotcherera zitsulo ndi osoka makatani a m'mashopu oyandikana nawo. "Bwerani mudzaone! Sinthanso, aone!"

Masana amenewo nambala ndinaisintha kasanu, anthu akuwomba m'manja. Atatu mwa iwo anachoka atandilemba ntchito.