Eyakoni ya Mwamuna Wanga

Mwamuna wanga atagula galimoto yakale ku Blantyre, chimene ankanyadira kwambiri si injini kapena matayala ayi. Ankanyadira eyakoni, makina oziziritsira m'galimoto. Aliyense wokwera ankauzidwa kuti atseke zenera, kenako iye n'kutsegula fani monyada. Mphepo yake inali ngati ya munthu amene akukupiza ndi katoni, koma ku Mangochi mwezi wa Okutobala ngakhale imeneyo timaithokoza. Ine ndinkaona kuti kabatani kosinthira kutentha kanauma kataloza pamzere wofiira. Nditamufunsa anandiuza kuti galimoto za ku Japan zimatero, ndisalowerere zimene sindikuzidziwa. Ndinangoti chabwino.

Vuto lenileni la mwamuna wanga silinali galimoto, linali ababa anga a ku Lungwena. Chikwatiraneni chathu, ababa anali asanamuyankhulepo mwachindunji. Iwo ndi Msilamu wa pemphero, iye ndi mwana wa asodzi achikhristu a ku Nkhudzi, ndipo ukwati wathu anauvomera ndi pakamwa pokha. Akakhala naye pamkeka umodzi ankatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Uwafunse amuna akowa ngati kwawo kwagwa mvula." Ine ndinkaseka, koma mumtima zinkandipweteka. Mwamuna wanga zinkamupweteka kuposa ine.

Ndiye tsiku lina uthenga unabwera wakuti mawondo a ababa avutanso ndi nyamakazi, akufunika kuchipatala cha paboma, ndipo pakabaza sangakhale. Mwamuna wanga anadumpha. Anati akawatenga yekha, akamve eyakoni.

Koma sabata imeneyo galimoto inali itayamba mwano. Kamuvi ka geji yoonetsa kutentha kwa injini kankakwera mpaka kufupi ndi pofiira, pansi pa injini n'kumapezeka madontho m'mawa. Tinapita nayo kwa mnzake wina makaniko wa kuseri kwa msika. Mwamuna wanga anafuna kutsegula chivindikiro cha rediyeta injini ikadali yamoto, mnzakeyo n'kumumenya dzanja.

"Aise, ukufuna ukaonekere kwa apongozi nkhope itasupuka?"

Makanikoyo anadikira kuti izizire. Atatsegula, m'rediyeta munali mouma, ndipo paipi ina inali itang'ambika pakhosi. Anaisintha, nathira kulanti, timadzi tobiriwira tija toziziritsa injini. Kenako analiza injini chivindikiro chili chotsegula, akufinya mapaipi kuti mpweya wotsekeredwa utuluke, mpaka thovu linasiya. Za eyakoni palibe anazitchula. Tinabwerera kunyumba mazenera ali otsegula chifukwa cha fungo la oyilo.

M'mawa mwake tinawoloka Shire kukawatenga ababa. Anatuluka atavala mkanjo woyera ndi kofia, akutsimphina ndi ndodo. Tinawakhazika kutsogolo, ine kumbuyo. Titangochoka pamudzi, mwamuna wanga anakweza magalasi onse, nakhosomola pang'ono, n'kutsegula fani mpaka kumapeto.

Abale inu, unatuluka moto! Mpweya wake unali ngati wa pauvuni wowambira nsomba, ndipo wonse unkathamangira kumiyendo. Pamenepo mpamene ndinazindikira kuti eyakoni yathu ija inali hita, chotenthetsera m'galimoto. Hita imatenga kutentha kwake kumadzi a injini, ndiye masiku onse aja inkapuma mphepo wamba chifukwa madzi ankakhala ochepa osaifika. Tsopano inali itakhuta, ikugwira ntchito yake mokhulupirika.

Mwamuna wanga anapotoza kabatani kouma kaja ndi mphamvu, ndipo kanamuthyokera m'manja. Anayesa kuzimitsa fani, koma ababa anakweza ndodo n'kutchinga dzanja lake. Iye anaganiza kuti ndi chilango, ndipo anachilandira. Thukuta linkamuyenderera mpaka m'kolala. Ine kumbuyo ndinaluma chitenje kuti phwete lisatuluke, misozi ili chuchuchu. Ndinatsegula zenera langa pang'ono ngati wakuba. Pagalasi ndinkaona maso a mwamuna wanga akundipempha thandizo, koma ndikanathandiza bwanji? Ndinkangoganiza kuti basi, zaka zina zambiri za "uwafunse amuna akowa" zayambira pano.

Ababa anavula kofia, naika pachifuwa. Kenako anakweza mkanjo mpaka m'mawondo, natambasula miyendo kuyandikira pamene pankatuluka motopo. Anatseka maso. Tinayenda choncho, tikuwambika, mpaka tinawolokanso mlatho.

Pachipatala mwamuna wanga anathamanga kukawatsegulira chitseko, malaya atamatirira kumsana. Ababa anatsitsa mwendo umodzi, kenako wina, naimirira. Anapinda bondo lamanzere, napindanso lamanja, akuliyang'ana ngati la munthu wina. Ndodo inali itatsala pampando.

Ndinayandikira kuti ndilandire uthenga monga mwa masiku onse. Koma ababa anandidutsa ndi maso, nayang'ana mwamuna wanga kumaso.

"Akamwini," anatero, "chotenthachi musachikonze. Lachisanu mudzabwere kudzanditenga, mudzandisiye kumzikiti. Tidzadzere njira yaitali."

Mwamuna wanga anatembenukira kwa ine, kabatani kothyoka kakadali m'dzanja. Ndinachita kumugunda ndi chigongono kuti ayankhe yekha.

"Ndidzabwera, ababa," anatero.