Koilo ya Silinda Yachinayi

Ndinachoka ku Lilongwe mu 2019, titagwirizana ndi bambo kuti ndikagwire ntchito ku Perth, kutsidya kwa nyanja, zaka ziwiri, kenako ndidzalandire galaja yawo ya ku Biwi. Ndinali nditalembako nyuzi zaka zingapo, koma masipanala ndiwo amandidyetsa. Pa eyapoti bambo anandiuza kuti, "Ukachedwa udzapeza pamamera bonongwe." Mlongo wanga wamng'ono Tadala, amene amalemba malisiti pagalajapo, anangoseka.

Ntchito ndinaipeza kwa a Tembo, munthu wa ku Chipata amene ali ndi galaja kufupi ndi Mirrabooka, dera lina la mumzinda wa Perth. Mliri utafika, malire a chigawo chimene kuli Perth anatsekedwa. Zaka ziwiri zinakwana ndege kulibe. Ndinkatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, ndinkadya ndekha, ndipo Lamlungu ndinkakwera basi mpaka pothera n'kubwerera, kuti tsiku lithe. Nkhawa yanga inali imodzi: bambo akukalamba, galaja ifa ndisanafike.

A Tembo anali ndi galimoto ya mpikisano wothamanga mtunda waufupi wowongoka, ya masilinda anayi ndi tebo yaikulu yopopera mpweya mu injini. Ikaima imalira bwino. Pamsewu wamba imayenda bwino. Koma pabwalo la mpikisano, ikalowa giya yachitatu tebo itadzaza mpweya, injini imadukiza n'kuphulika ku ekizozi. Chifukwa chake n'chodziwika: mpweya ukapanikizika kwambiri m'silinda, moto wa pulagi umavutika kudumpha, ndipo ukakhala wofooka umazima.

Tinachepetsa mpata wa mapulagi, sizinasinthe. Laputopu inkaonetsa ngati mafuta akuchepa, a Tembo n'kuwonjezera, koma mafutawo sankachepa. Silinda imodzi sinkawotcha, mpweya wake umatuluka wosapsa n'kunamiza sensa ya mu ekizozi.

"Iwe mufana, motoka iyi inipaya," anatero a Tembo. "Si batate bako ni bamakanika? Bafunse, mwina ku Biwi bali na mankhwala."

Bambo ankadziwika ndi khutu. Minibasi ikamalowa pageti amakhala atanena kale vuto lake. Ndinajambula phokoso la injini pa foni n'kuwatumizira. Yankho linabwera lolemba: "Chotsa mapulagi ukangozimitsa injini. Yonyowa ndi iti?" Inali yachinayi. Linabwera lina: "Koilo yake uike pa silinda yoyamba. Vuto likasamuka, wampeza mwini wake."

Linasamuka. Koiloyo, imene imapereka moto ku pulagi, inkagwira ntchito ikazizira, koma ikatentha mpweya n'kuchuluka, imafooka. Tinagula ina, galimoto inathamanga mpaka kumapeto osadukiza, ndipo a Tembo anavina pamaso pa azungu. Ine mtima unakhala pansi. Ndinati khutu la bambo likadalipo, galaja indidikira. Kuyambira pamenepo ndinkawatumizira phokoso la injini iliyonse yovuta. Ndikaimba foni sankayankha, amangolemba kuti netiweki yavuta. Sindinafunse zambiri, ngakhale kufunsa inali ntchito yanga kale.

Malire atatsegulidwa mu 2022 ndinakwera ndege. Ku Biwi bonongwe kunalibe. Ndinapeza denga latsopano, anyamata atatu ovala maovololo ndi mzere wa galimoto mpaka kumsewu. Bambo anali pampando pamthunzi. Ndinawapatsa moni, iwo n'kumayang'ana milomo yanga.

"Kwezani mawu, achimwene," anatero Tadala akutuluka pansi pa lole, manja ali bii. "Makutu anatseka atadwala chaka chatha chija."

"Nanga mauthenga aja amayankha ndani?"

"Foni yawo imakhala m'thumba mwangamu."

"Osandiuza bwanji?"

"Mukanatani, ndege kulibe? Komanso mukanamvera za koilo zochokera kwa wolemba malisiti?"

Yankho lake tonse timalidziwa. Bambo anandikoka dzanja n'kulankhula mokuwa, monga amachitira anthu osamva. "Za galaja zija ukambirane ndi bwana wakoyo. Ine ndinapuma."

Pageti panalowa minibasi ikudukiza. Tadala anapendeka mutu, kumvetsera pang'ono, n'kundiponyera sipanala ya mapulagi.

"Yachiwiri, achimwene. Tione zimene munaphunzira kwa azungu."

Ndinavula jekete n'kutsegula injini. Inalidi yachiwiri.