Mbawa ya Mkamwini

Mlongo wanga atamwalira anasiya malo. Si aakulu. Nyumba, bwalo, ndi kamunda kotsikira kukhwawa. Kwathu kuno malo amatsata akazi, ndiye anagwera mwana wake wamkazi. Ine monga malume ake ndine wowayang'anira. Sindikhala pamenepo. Ndimakhala kuchikamwini kwa akazi anga, tsidya lina la msewu wa ku Muloza. Koma njira yanga yopita ku esiteti, kumene ndakalambira ndikudulira tiyi, imadutsa pabwalo pomwepo. Ndimaona zonse.

Mwanayo anakwatiwa ndi mwamuna wa ku Chinakanaka. Wofatsa, wopereka moni ndi manja awiri. Ankagwira ntchito ku nazale ya m'phiri, kofesa mbande za mitengo. Mowa ayi, fodya ayi. Anthu ankati tapeza mkamwini. Ine ayi. Munthu wosaoneka polakwika ndimamuyang'ana kawiri.

Poyamba anachita zoyenera. Anamanga khitchini, anakumba chimbudzi, analima nandolo ndi chinangwa. Kenako anayamba kubwera ndi mbande za m'machubu pakeliyala ya njinga.

Chimene ndinayamba kuona ndi bwalo. Mlongo wanga ankasesa mpaka kuseri kwa nyumba, moti njoka ikadutsa unkaona mzere wake padothi. Tsopano mbali yakukhwawa inali udzu, chisoso ndi masamba ouma. Panali mulu wa nthambi zimene palibe ankasonkhezera moto. Pamwala anaikapo phale lodzaza madzi.

Ndinamuitana mwanayo.

"Tsache linatha?"

"Lilipo, amalume."

"Nanga tchire ili?"

"Akuti uku tisamasese. Ndi kwa mbalame."

"Mbalamezo zinapempha malo kwa ndani?"

Anaseka. Ine sindinaseke.

Mvula itagwa, mbande zija zinalowa pansi. Ndinayenda ndekha kuziyang'ana. Mpoza, msuku, katope, mkuyu m'mphepete mwa khwawa. Ndipo pangodya, pamalire penipeni, mbawa.

Akanabzala mango kapena peyala, ndikanamva. Ana amadya. Akanabzala bulugamu, ndikanamvanso, milimo yake yomangira nyumba imagulika. Koma mitengo iyi palibe amabzala. Imamera yokha m'phiri ndi kumanda. Ndipo mbawa si mtengo wa munthu wapaulendo. Wobzala sacheka matabwa ake. Ndiye ankabzalira ndani?

Ine ndinalowa chikamwini tsitsi lili lakuda. Lero lachita imvi, koma sindinabzalepo mtengo pamalo a akazi anga. Nthochi inde, chinangwa inde. Zimenezo ukachoka suzilira. Mtengo ndi wina. Mtengo umaimirira n'kumanena kuti uje anali pano. Ndakhalapo pamilandu yotere. Mwamuna wamwalira, abale ake abwera, aloza mtengo, akuti anabzala ndi m'bale wathu. Mawa akufuna matabwa. Mkuja akufuna ndi nthaka imene ili mumthunzi wake. Ana aakazi amatsala ndi kakhonde.

Ndinamupeza mkamwiniyo akuthirira mbawa ija ndi chitini.

"Akamwini, mwayamba kuika manda pabwalo?"

"Ayi, amalume. Ndi mitengo chabe."

"Yachabe ili m'phiri. Iyi ya chiyani?"

Anaika chitini pansi. Anati konse kuno ndi tiyi ndi bulugamu, mbalame zasowa potera, njuchi zasowa maluwa. Anati mkuyu ndi katope zidzagwira dothi la kukhwawa, limene linkagumuka mvula iliyonse. Anati mulu wa nthambi uja ndi wa abuluzi ndi achule, amene amadya tizilombo ta m'munda.

"Nanga mbawa?"

"Ndi ya mthunzi."

"Mthunzi pamalire? Khonde lili uko."

"Pafupi ndi nyumba mizu ingaswe chipupa."

Funso lililonse yankho linali lokonzeka. Zimenezo sizinandisangalatse.

Amayi a m'mudzi anali ndi zawo. Wina anaona nanzikambe panthambi, wina anati anaona njoka ikumwa m'phale muja. Kuchitsime kunamveka zoti mkamwini akuweta zinthu. Akazi anga anabwera nazo kunyumba. Ndinawauza kuti azisiye. Za ufiti sindinazitenge. Ine ndimaopa munthu wokhala ndi abale ambiri.

Ndipo abale anali nawo. Mkulu wake, amenenso ndi nkhoswe yake, amachita malonda a matabwa pakati pa Milange ndi Chitakale. Loweruka lina ndikuchokera kuntchito ndinamupeza pabwalopo. Sanakhale pampando. Anali kuyenda m'malire, manja kumbuyo, ngati munthu wodzagula munda. Atafika pambawa anaima. Nthawiyo inali itandifika m'chiuno. Anagwira tsamba, n'kunena kwa mng'ono wake, "Iyi ikakula ndi zitseko zenizeni izi."

Sanandione. Ine ndinamva.

Sabata yomweyo ndinaitanitsa ankhoswe. Tinakhala pamkeka pakhonde la mlongo wanga: ine, mkulu wake uja, mkamwini, mwanayo, ndi azakhali ake awiri ngati mboni. Sindinazungulire.

"Mitengo iyi izulidwe."

Mkulu wake anaseka. "Apongozi, mukuopa masamba?"

"Ndikuopa zitseko."

Anasiya kuseka. Anati inali nthabwala, maso a munthu wa matabwa amaona matabwa paliponse. Ndinati ndi maso omwewo amene ndikuopa.

Mkamwini anangoyang'ana pansi. Amene anayankhula anali mwanayo, amene ndinkayesa akhala chete.

"Amalume, mpoza ndinapempha ndine. Amayi ankatitengera mapoza pochokera kunkhuni. Lero mwana wanga sadziwa ndi maonekedwe ake omwe. Mukazula, mwazula zanga."

"Unabzala ndi manja ako?"

"Anabzala ndi iwowa."

"Basi si zako."

Azakhali ake anavomereza ndi mitu. Iwo akudziwa. Mmodzi wa iwo anataya dimba chifukwa cha mango awiri a malemu amuna ake.

Tinakangana mpaka dzuwa linapendeka. Mwanayo anakana kuti mitengo itayidwe. Ine ndinakana kuti ikhale m'dzina la mwamuna. Pomaliza ndinati ifukulidwe yonse, ibzalidwenso ndi manja a mwini malo, ife tikuona. Ndipo nkhoswe ya kuchimuna inene pakamwa pake kuti mitengoyo si yawo.

Apa mkamwini anadzutsa mutu.

"Amalume, ino ndi nthawi ya dzuwa. Mbawa yazika muzu wautali. Tikaifukula lero ifa. Tidikire mvula."

"Mvula ikabwera mudzati tidikire ina."

"Sindidzatero."

"Ikafa yafa."

Anandiyang'ana pang'ono, n'kunena, "Chabwino." Anapita yekha kukatenga khasu. Anavomera msanga kwambiri. Ndinadzifunsa chimene akudziwa chimene ine sindikudziwa.

Mkamwini ndiye anafukula, mosamala, ndi dothi lake lomwe. Mkazi wake ankanyamula mtengo uliwonse, kuubwezera m'dzenje, kukwirira, kupondaponda. Azakhali ankatchula: mpoza wabzala ndi mwana wathu, msuku wabzala ndi mwana wathu. Titafika pambawa, muzu unaduka. Tonse tinaumva. Mkamwini anatseka maso. Mkulu wake ananena mawu aja, kuti mitengo si yawo, nkhope ili kumbali. Ndinamuuza abwereze akuyang'ana kuno. Anabwereza.

Mbawa inauma. Masamba anafiira, anagwa, panatsala kandodo. Katope nayenso anavutika koma anaphukanso. Mwanayo anakhala nthawi osandipatsa madzi akumwa ndikadutsa. Moni ankapereka, wouma. Ndinapirira. Moni wouma ndi wabwino kuposa kudzamuona akusenza katundu kuchoka pamalo a amayi ake.

Mvula itabwera mwanayo anandiitana. Ndinamupeza ali ndi khasu, mbande ina ya mbawa ili pambali. Amuna ake anali ataima patali, manja m'thumba.

"Onani bwino, amalume, mungadzati simunaone."

Anabzala m'dzenje lomwe lija. Anaitana kamwana kake kakakazi kuti kaponde dothi. Kenako anandipatsa chitini.

"Thirani ndinu. Inunso mulowemo m'mlandu."

Ndinathira.

Papita zaka tsopano. Mbawa yapitirira denga. Mpoza ukubereka, ana amalimbirana ndi apumbwa. Kukhwawa dothi lasiya kugumuka, ngakhale sindikudziwa ngati ndi mkuyu kapena mvula yangochepa. M'mawa wa chiperoni pamakhala phokoso la timba ndi mpheta moti umamva uli kumsewu. Njoka ndinaionadi kamodzi, yobiriwira, ili paphale. Ndinauza mkamwini. Anati yopanda ululu. Iye zonse amati zopanda ululu.

Mkulu wake amabwerabe. Amakhala pampando masiku ano, koma maso ake amapita pangodya paja. Ndimamuona. Azakhali mmodzi anamwalira, mboni zikuchepa. Ndiye mdzukulu uja ndikakumana naye ndimamufunsa kuti mbawa anabzala ndani. Amayankha kuti amayi. Ndimamufunsa kuti anaponda dothi ndani. Amati ine. Amatopa nalo funsolo. Atope, koma asaiwale.

Chaka chatha mkamwini anandiimitsa panjira, n'kundipatsa mbande ya mpoza m'chubu. Anati ndikabzale kwathu. Ndinamuyang'ana kuti ndione ngati akundiseka. Nkhope yake sionetsa kanthu.

Ndinapita nayo. Inakhala kuseri kwa bafa masiku angapo. Kenako ndinakumba dzenje, n'kuitana akazi anga kuti aike ndi manja awo. Anati ndayamba misala ya akamwini a masiku ano, koma anaika.

Mlamu wanga, mchimwene wa akazi anga, anadutsa tsiku lotsatira. Anaima pamtengopo nthawi yaitali, osapereka ndi moni womwe.

"Alamu, wabzala ndani uwu?"

"Mlongo wanu," ndinatero. "Kafunseni."

Anapitadi kukafunsa.