Manyazi anandisankhira makina osindikizira masikipa

Ndikuvomera poyambirira pomwe kuti wolakwa ndinali ine. Palibe anandibera, palibe anandinamiza. Ndinangoyankha kuti "eya" katatu pamene ndimayenera kunena kuti sindinamve. Inu owerenga, eya ameneyo anatsala pang'ono kupha makina amene banja la amuna anga linagulitsira ng'ombe, komanso kundichititsa manyazi pa chiliza cha apongozi anga aamuna.

Ndimakhala ku Ngabu ndipo ndili ndi mwana mmodzi wamkazi, Tadala. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Chibadwire ndine wamanyazi, moti pagulu ndimakhala kumbuyo. Koma manja anga amagwira ntchito. Ndinkasoka, ndiponso ndinaphunzira ndekha kukonza zithunzi pa kompyuta yakale imene amuna anga anabwera nayo.

Amuna angawo amayendetsa thirakitala kuminda ya nzimbe. Ndi iwo anaona kuti anthu akuno akafuna masikipa a ukwati, a kwaya kapena a chiliza amakwera basi mpaka ku Blantyre. Anakambirana ndi amayi awo, ndipo apongozi anga analola kuti ng'ombe ziwiri zimene malemu amuna awo anasiya zigulitsidwe. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti ntchito yoyamba ya makinawo ikhale masikipa okhala ndi nkhope ya malemuwo, oti abale adzavale potsegulira chiliza mu Okutobala.

Tsiku lokagula makina, amuna anga anawakaniza tchuthi chifukwa inali nyengo yodula nzimbe. Ndinapita ndekha ku Limbe, Tadala ali kumsana.

Sitoloyo inali yozizira mkati ngati m'filiji. Bambo wogulitsa anandilandira mwaulemu n'kundionetsa makina awiri. Ena amasindikiza chithunzi pa kapepala koonekera, kenako amakamata pa chovala ndi chitsulo chotentha. Enawo amapopera inki pa sikipa mwachindunji, ngati akulemba pa pepala. Anaika sikipa yoyera m'makina achiwiriwa, ndipo patapita kanthawi inatuluka ndi nkhope ya mwana, nsidze zomwe zikuoneka. Mtima wanga unagwera pomwepo. Ndinaona kale nkhope ya malemu apongozi anga itatuluka choncho.

Bamboyo asanavomere anandifunsa mafunso atatu. Anafunsa za mtundu wa nsalu ya masikipa amene ndizisindikiza, koma dzina la nsaluyo analitchula m'Chingerezi. Anafunsa ngati ndili ndi chipinda chozizira bwino chopanda fumbi. Anafunsanso ngati makinawo azigwira ntchito tsiku lililonse. Kumbuyo kwanga kunaima azibambo awiri ovala mataye akudikira, Tadala anayamba kulira, ndipo ine thukuta linatuluka m'chipinda chozizira chija. Ndinati eya, eya, eya. Anandiuza kuti ndikhoza kutsala masiku awiri kuti mayi wokonza makina wa m'sitolomo andiphunzitse bwinobwino. Ndinakana, ndinati mwana sanazolowere kugona kwa eni. Zoona zake ndinkaopa kuti aona kuti ndimawerenga mochedwa. Anangondionetsa mabatani masana amenewo, n'kundipatsa buku la Chingerezi.

Makina atafika ku Ngabu amayi oyandikana nawo analulutira. Ndinawayesa kamodzi, anagwira bwino. Kenako ndinachita zimene timachita kuno ndi chinthu chamtengo wapatali. Monga mmene timafunditsira wailesi yakanema kapena mbale za alendo, ndinawazula kumagetsi, ndinawafunditsa chitenje chatsopano, n'kutseka chitseko. Ndinkati apume mpaka ntchito ya chiliza. Anakhala choncho masabata atatu, ndipo inu amene munafikako kuchigwa kuno mukudziwa mmene nyumba ya malata imawotchera mvula ikayandikira.

Nthawi itakwana ndinagula masikipa akuda pamsika, aja oterera onyezimira amene anthu akuno amakonda chifukwa amauma msanga. Yoyamba inatuluka ndi mizere yodutsa pankhope ya malemu, ngati wina waikanda ndi minga. Ndinabisa pansi pa matiresi. Yachiwiri inatuluka bwinoko pang'ono, ndipo ndinakaipereka kwa apongozi anga osaulula za yoyamba ija. Anaiyang'ana nthawi yaitali, anaivala, tsiku lotsatira anakaichapa kumjigo.

M'mawa mwake anabwera kwathu ataipinda m'manja. Atayala pamphasa, nkhope kunalibe. Panatsala chipewa cha malemu ndi khutu limodzi. Kunatsala masiku asanu ndi anayi, ndipo abale a ku Chiromo ndi ku Nsanje anali atauzidwa kale kuti masikipa akusindikiza ndi mkazi wa mwana wawo.

Ndinagwada, misozi ikungotsika. Ndi apongozi anga tinali tisanachezepo momasuka, ndinkangowapatsa moni ndili chogwada n'kuthawira kukhitchini. Ndinkayembekezera kuti anena za ng'ombe zawo. Iwo anangotikita nsaluyo ndi zala, anasolola ulusi m'mphepete, n'kundituma machesi. Ulusiwo sunapse ngati udzu, unangokhwinyata n'kusanduka kachibulu kolimba konunkha pulasitiki.

"Amake Tadala, ine thonje ndalima chikwatiwire," anatero. "Ili si thonje. Kodi ku Limbeko sanakufunseni za nsalu?"

Ndinaulula zonse, za eya atatu aja, za chitenje, ndi za sikipa ya pansi pa matiresi. Anaseka pang'ono, amvekere malemuwo ali moyo dzuwa lonse la Ngabu linalephera kuwasulutsa, ndiye asuluke ndi sopo wa kumjigo. Kenako ananditambasulira foni yanga yomwe.

"Imbani ku Limbeko. Mukasowa mawu, ine ndili pompano."

Ndinaimba. Bambo uja anandipatsa mayi wokonza makina, yemwe ndinamuthawa tsiku lija. Sanandikalipire. Anandifotokozera m'Chichewa kuti inki ya makina amenewa imalowerera mu thonje lokha, pa nsalu yoterera imangokhala pamwamba n'kuchoka ndi madzi. Ananenanso kuti inki yoyera ndi yolemera, imadikha pansi ngati ufa m'madzi, ndipo makina akangokhala osayenda pamalo otentha imauma n'kutseka timabowo totulukira. Chimene ine ndinkati ndi kusamala chinali kuwapha. Anandiuza mosabisa kuti ndikananena zoona za Ngabu, akanandilangiza makina ena aja, amene amalola nsalu iliyonse.

Patapita masiku awiri mayiyo anakwera basi kutsika kuchigwa kuno. Anatsuka makinawo tsiku lonse, thukuta lili kamukamu, ndipo ananena kuti pakanapitanso sabata imodzi chipangizo chopopera inki chikanafa. Ataona kuti buku lija ndikulitembenuza mwamantha, anapempha kope la kusukulu n'kundijambulira zithunzi za zoyenera kuchita m'mawa uliwonse: kukhutchumula inki yoyera, kusindikiza kachidutswa koyesera, kupukuta. Anandionetsa kupachika masaka onyowa pazenera ndi kuika beseni la madzi m'chipinda, ndiponso anati ndizigwira ntchito dzuwa lisanakwere. Mayi ameneyu sindidzamuiwala. Funso lililonse lopusa limene ndinafunsa analiyankha ngati ndi lanzeru.

Za masikipa anasamala ndi apongozi anga. Anandiperekeza okha ku Limbe, machesi atamanga pamfundo ya chitenje. M'sitolo iliyonse ankapempha kaulusi n'kukawotchera panja. Ogulitsa ena ankaseka, wina anawafunsa ngati akuwombeza. Iwo anamuyankha kuti inde, ndipo ula wawauza kuti katundu wake ndi jumbo. M'sitolo yachitatu ulusi unapsa n'kusiya phulusa lofewa. Tinagula pomwepo.

Sikipa yoyamba ya thonje itatuluka, sanandiyamikire msanga. Anaitenga n'kupita nayo kumjigo, anaichapa katatu, akuimenyetsa pasimenti ngati yawalakwira. Anabwera nayo ikudontha madzi, nkhope ili yonse, chipewa, makutu onse awiri.

"Bamboyu wakana kuchoka," anatero. "Takhuta, mwananga."

Takhuta ndi zikomo wa kuchigwa kuno. Aka kanali koyamba kunditchula mwana wawo.

Pa tsiku la chiliza abale onse anavala. Alongo awo a malemu, gogo wa ku Chiromo, anagwira nkhope ija pachifuwa pawo n'kuyamba kulira, akuti mpaka kachipsera ka pachibwano kakuoneka. Ine ndinaima kumbuyo monga mwa masiku onse, koma apongozi anga anabwera kudzandigwira dzanja n'kundiimika pambali pawo.

Makinawo akugwirabe ntchito, ndipo akutidyetsa. Koma eya wanga uja ndikumulipirabe. Matimu a mpira akabwera ndi majezi awo oterera ndimawabweza, ndipo ndikafuna kukaona amayi anga kumudzi sindingagone masiku awiri chifukwa inki ikundidikira.

Inu owerenga, makamaka inu amayi anzanga amene sukulu sitinapite nayo patali, ngati mukufuna makina otere musakope ndi chithunzi chokongola cha m'sitolo yozizira. Nyamulani sikipa yeniyeni imene anthu akwanu amavala, aisindikize inu mukuona, mukaichape ndi manja anu musanasankhe. Auzeni za kutentha kwa kwanu, fumbi, ndi mmene magetsi amathimira. Funsani amene adzakonze makinawo akadwala, ndi komwe inki muzikaipeza. Akakuuzani kuti mutsale muphunzire, tsalani, mwana agona. Ndipo akatchula mawu amene simukuwadziwa, nenani kuti abwereze m'Chichewa. Azibambo a mataye aja akanangodikira mphindi zisanu, lero sindikumbukanso nkhope zawo.

Sikipa ya chipewa ndi khutu limodzi ija ndinaikhomera pakhoma pamwamba pa makina. Kasitomala akaifunsa ndimamufotokozera nkhani yonse, ngakhale manyazi ndikadali nawo. Chitenje chimene ndinafunditsa makina chija pano ndimaberekera Tadala.