Mitengo ya chinangwa pa doko la Kobwe

Mkazi wanga pomwalira anasiya zinthu zochepa: nsalu zake zopitira ku tchalitchi, mtondo, ndi munda wa chinangwa kuseri kwa nyumba. Chinangwacho sichinali cha mtundu umene a zaulimi amagawa. Anachitenga kwa amayi ake pamene tinkakwatirana, monga mwa mwambo wathu kuno kunyanja. Mwana wamkazi akamapita kubanja, amamumangira mtolo wa mitengo ya m'munda mwa mayi wake kuti akayambire pamenepo. Chinali chinangwa chowawa, chosadyeka chachiwisi, moti anyani ankangochinunkhiza n'kuchisiya. Koma ukachiviika m'madzi n'kuchiyanika pathandala, kondowole wake ankatuluka woyera, wosanunkha.

Mwana wathu wamkazi anakwatiwa ku Likoma, ndipo naye anawoloka ndi mtolo wake. Chilumbacho timachiona tili pakhomo. Mphepo ikakhala bwino, belu la tchalitchi lawo limamveka mpaka kwathu. Ndi dziko lina, koma ife sitinkaliona ngati dziko lina, poti maliro athu ndi amodzi, nyimbo za Misa n'zimodzi.

Mwamuna wa mwana wathuyo anapita ku Joni kukafuna ntchito, osabweranso, n'kumusiyira ana atatu. Munda ndiwo unkawalera. Kenako matenda analowa m'chinangwa cha pachilumba. Kunja chinkaoneka chabwino, koma ukachidula, mkati munali mawanga ofiirira, olimba ngati khungwa, ndipo chikakhalitsa m'nthaka chinkavunda. Munda wake unagwidwa, wa oyandikana nawonso unagwidwa, moti panalibe wopempha mbewu kwa mnzake. Uthenga unandipeza kudzera mwa msuweni wanga amene amayendetsa boti pakati pa Kobwe ndi chilumba.

"Mwana wako akuti usamutumizire ufa wokha, ufa umatha," anatero msuweniyo. "Akuti umutumizire mitengo ya mayi ake mvula isanapite. Mizere walima kale."

Inali nyengo ya Adiventi, mvula yoyamba itagwa. Ndinalowa m'munda ndi chikwanje n'kusankha mitengo yonenepa, ya maso ambiri, n'kusiya yowondayo. Mitengo ya chinangwa ikakhala yaitali imapirira, ukaiimika pamthunzi imakhala ndi moyo nthawi yaitali. Koma msuweni anali atandichenjeza kuti m'boti mwake mumadzaza anthu ndi matumba, yaitali sangailole. Choncho ndinaidula timitengo tatifupi tongofika n'kudzala, n'kutimanga ndi luzi. Pomanga ndinkaimba chapansipansi. Ndinkaganiza kuti mawa lake ikhala ili m'nthaka.

Ngakhale chilumba timachiona, mudzi wathu uli kutali ndi doko, ulendo wake ndi wa tsiku lathunthu wapansi. Ndinapita pa bwato la mnansi, nditanyamula mitoloyo, thumba la makaka, ndicho chinangwa chouma, usipa wouma, ndi nyemba pang'ono m'kathumba.

Kale tinkangokwera boti n'kumapita. Tsopano pa doko pali tebulo, ndi kanyumba ka malata kosungiramo katundu. Patebulopo panali mnyamata wa yunifolomu wochokera kumwera kwenikweni kwa dziko lathu, wolankhula Chinyanja chothyokathyoka koma mwaulemu. Anayamba ndi makaka.

"Ichi chakudya, papa. Cha pabanja, sichogulitsa? Chipite."

Usipa anaununkhiza n'kuukankhira kumbali yomweyo. Atafika pa nyemba anafunsa kuti n'zodya kapena zodzala. Ndinaseka, poti funso lotere ndinali ndisanalimvepo. Ndinati nyemba ndi nyemba, Mulungu anaika chakudya ndi mbewu m'khoko limodzi, mayi wa pakhomo ndiye amaona kuti izi ziphikidwe, izi zisungidwe.

"Kwa ife si zimodzi," anatero. "Zodya zili ndi malo ake m'malamulo, zodzala zili ndi malo ake. Izi n'ziti?"

Ndinati n'zodya, ndipo chinali choonadi, chifukwa ana aja akanazimaliza sabata isanathe. Zinadutsa. Kenako anagwada pa mitolo, n'kukanda mtengo umodzi ndi chikhadabo. Pansi pa khungwa panali pobiriwira, utomoni woyera unatuluka.

"Iyi ndi yamoyo, papa."

"Inde ndi yamoyo. Ikanakhala yakufa ndikanainyamuliranji?"

Anandifotokozera pang'onopang'ono, kwinaku akusakaniza ndi Chipwitikizi. Chinangwa chikauma ndi chakudya. Chikasinjidwa ndi ufa, ndipo ufa uli ndi malo akenso. Koma mtengo wodzala ndi chomera chamoyo, ndipo chomera chamoyo sichituluka m'dziko popanda kalata ya a zaulimi yotsimikiza kuti chilibe matenda. Kalatayo iye analibe mphamvu yoilemba.

Msuweni wanga anali ataimirira m'madzi ofika m'mawondo, akukweza matumba a makala ndi mitolo ya nkhuni, pakuti pachilumba mitengo ndi yosowa ndipo nkhuni zawo zambiri zimachokera kwathu.

"Iwe mkulu wa mpingo," anakuwa, "ukanangoti ndi nkhuni! Taona zanga zikukwera ngati madona. Koma iwe ayi, ukufuna ukalowe kumwamba ndi malaya osada."

"Nkhuni zotuluka utomoni unaziona kuti, mphuno ngati chikho?" ndinamuyankha.

Anthu anaseka, ngakhale mnyamata uja anaseka. Koma mitolo inatsala. Makaka, usipa ndi nyemba zinapita ndi msuweni, pamodzi ndi uthenga woti mitengo ikubwera m'mbuyo. Kubwerera nayo kumudzi kunali kutali, ndipo ndinkaganiza kuti ku Metangula, kumene kuli ofesi ya zaulimi, ndikangogona kawiri. Ndinapempha kuti aisunge m'kanyumba ka malata kaja. Mnyamatayo anavomera, n'kundithandiza kuinyamula.

Msewu wa ku Metangula nthawi ya mvula ndi wozunza. Galimoto imene ndinakwera inatitimira m'matope kangapo, tinkatsika n'kumakankha. Titayandikira ku Lunho tinapeza mtsinje utadzaza, ndipo tinakhala tsidya lino kudikira kuti madzi aphwe, tikugona m'khonde la sukulu. Udzudzu wa kumeneko ndi umene unandipatsa malungo.

Ku ofesi ya zaulimi ndinapeza mayi wina wachikulire, wa kwathu konkuno, amene anandipatsa mpando. Anati kalatayo salemba munthu asanaone munda umene mitengo yachokera, ndipo woona minda amachokera ku Lichinga. Anatinso a boma la kuchilumba amafunika kuvomera kaye kuti mbewuyo ilowe kwawo. Ndinamuuza kuti munda ndi wa malemu mkazi wanga, ndaulima zaka zonsezi, ulibe chilema.

"Bambo, sindikukutsutsani," anatero. "Koma matendawa amakhala mkati mwa mtengo, diso siliwaona msanga. Mukuganiza kuti pachilumba anafika bwanji? Sanasambire. Anakwera boti, m'mtolo wa munthu amene ankakonda m'bale wake ngati inuyo."

Ndimawerenga Malemba m'tchalitchi mwathu wansembe akakhala kulibe, ndipo ndikudziwa kuti kulekanitsa zinthu si tchimo. Mlengi mwini analekanitsa madzi ndi mtunda, n'kupatsa chomera chilichonse mbewu ya mtundu wake. Ansembe akale a m'Malemba ankayang'ana nthenda pakhungu ndi pakhoma la nyumba, n'kutsekera munthu kunja kwa mudzi mpaka zitaoneka bwino. Zonsezi ndinkazidziwa. Koma kudziwako sikunachotse m'maso mwanga mizere yolimalima ikudikira, ndi mvula ikugwa pa nthaka yopanda kanthu.

Mayiyo analemba dzina la mudzi wathu, nati woona minda adzabwera msewu ukauma. Msewu umauma mvula ikatha. Tonse awiri tinkadziwa tanthauzo lake.

Tsiku lomwelo thupi linayamba kunjenjemera. Banja lina la mumpingo linanditenga, ndipo Khirisimasi inandipeza ndili pamphasa m'nyumba ya eni, ndikumva kwaya ikuimba chapatali. M'kutentha kwa malungo ndinkangoona mitolo ija. Ndinkapemphera kuti Ambuye amene anaphukitsa ndodo youma m'chihema asunge timitengo tanga. Ndinalibe njira yotumizira mawu ku Kobwe, ndipo ndinadzamva pambuyo pake kuti masiku a zikondwerero kanyumba kaja kanakhala kokhoma.

Ndinafika pa doko chaka chatsopano chitalowa kale, miyendo ikadali yolefuka. Mnyamata uja atandiona anaimirira n'kukatsekula kanyumbako. Mkatimo munali motentha ngati mu uvuni wa njerwa. Mitengoyo inali itayesa kumera. Maso ake anali ataphuka mumdimamo, timphukira toyera totalika ngati chala, kenako n'kufota n'kuda. Ndinanyamula mtolo umodzi, unali wopepuka ngati mapesi.

Mnyamatayo anagwada monga anachitira poyamba paja, n'kukanda ndi chikhadabo. Anakanda wina, ndi winanso. Anathyola umodzi, unalira kuti thyo.

"Papa," anatero, "izi tsopano ndi nkhuni. Nkhuni zimadutsa."

Sankandinyoza. Ndinaona kuti mawuwo akumuwawa potuluka. Anali kungondiuza malo amene katundu wanga wapeza m'malamulo.

Msuweni wanga anakweza mitoloyo yekha, ndipo tsiku limenelo pakamwa pake sipanatuluke nthabwala. Anangoti, "Khala kutsogoloku, msuweni, kumbuyo kuli utsi wa injini." Tsidya linalo a pa doko anayang'ana mitoloyo n'kutiuza kuti tipite.

Mwana wanga anatichingamira pamchenga. Anali atawonda. Anamasula luzi pomwepo, n'kuyamba kukanda timitengo kamodzikamodzi, akuika kumbali. Sanadumphe ndi kamodzi komwe. Ine ndinaimirira ndi chipewa m'manja. Atamaliza anapukuta chala pa chitenje.

"Atate, mwadwala," anatero. "Maso anu akuoneka. Tiyeni kunyumba."

Njira ya kunyumba kwake imadutsa m'munda. Mizere inali itamera udzu, mvula itaigumula m'mbali. Iye anayenda patsogolo, mtolo uli pamutu, osacheuka. Titafika anasonkha moto ndi timitengo tomweto kuti andiphikire phala la makaka aja. Mitengo ya chinangwa siyaka bwino, imafuka utsi wambiri n'kutha msanga. Kamdzukulu kanga kakang'ono kanafunsa kuti n'chifukwa chiyani amayi akuwotcha mbewu ya agogo. Mayi ake anati utsi ukumulowa m'maso, katuluke panja.

Chaka chimenecho anadzala mitengo yodwala ya pachilumba pomwepo, poti nthaka siingagone. Anakolola zovunda. Mwana wake wamkulu, mtsikana amene ankakhoza bwino m'kalasi ndiponso kuimba m'kwaya, anamusiyitsa sukulu n'kumutumiza ku Nkhata Bay kukalera ana a eni, kuti pakhomo pachepe pakamwa pamodzi. Mpaka lero ali komweko.

Woona minda anabweradi msewu utauma, pa njinga yamoto. Ndinali nditakonzeka kuyambiranso, nthawi ino molawirira. Anayenda m'munda mwa mkazi wanga, akutembenuza masamba. Kumapeto, cha kumtsinje, anazula phata limodzi n'kudula ndi mpeni. Mkati munali kadontho kofiirira, kakang'ono ngati njere ya mapira. Anandionetsa. Kalata sinalembedwe, ndipo siidzalembedwa.

Sindikudziwa ngati matendawo anali kale m'mitolo ija, kapena anabwera pambuyo pake. Ndafunsa Ambuye kambirimbiri, m'mawa ndikamatsekula tchalitchi, ndipo sanandiyankhe. Ngati analimo, ndiye kuti mnyamata uja anatchinga choipa. Ngati munalibe, mdzukulu wanga akanakhala pa sukulu. Ndimawapempherera onse awiri pa pemphero limodzi, chifukwa sindidziwa kuwalekanitsa.

Mundawo ndikulimabe. Chaka ndi chaka mbali yovunda ikukula kuchokera kumtsinje kubwera kunyumba. Chimene chatsala chabwino ndimachikumba, n'kuchiviika, n'kuchiyanika mpaka chiume gwa, ndipo ndimapita nacho pa doko. Amachiyang'ana, amati ndi chakudya, chimakwera boti.