Chilonda Chimene Kapitawo Anamanga

Mwendo wanga wakumanzere sunadulidwe, koma malo anga m'timu ya mpira wa ndodo ya ku Chiromo anapita, ndipo ntchito yanga ya pasikelo inapita nawo limodzi. Ndikulemba mmene zinayendera kuti wina amene ali ndi bala pamsongolo asadikire monga anandidikiritsira ine.

Dzina langa ndine Zuze. Ndinkagwira ntchito pa kampani ina yogula thonje ndi kulichotsa njere. Masewera a mpira wa ndodowa anabwera ndi amwenye a panjanji nkhondo ya Jeremani itatha, ndipo iwo amawatcha hoki. Mbali iliyonse kumakhala anthu khumi ndi mmodzi, ndodo zokhota kunsonga, ndi mpira wolimba ngati mwala. Ife ndodo tinkasema tokha za mtengo wa tsanya, ndipo tinkasewera opanda nsapato. Mzungu wa kampaniyo anawakonda masewerawa, naika lamulo lakuti onse a m'timu azigwira ntchito pasikelo yoyezera thonje, pamthunzi, ndi kugona m'nyumba za kampani. Otsalawo ankasenza mabelo a thonje padzuwa. Wosankha anthu anali kapitawo, a Alufandika. Ine ndinali womwetsa zigoli.

Chiyambi chake chinali chaching'ono. M'mwezi wa Ogasiti, tikukonzekera kukumana ndi timu ya ku Port Herald, ndodo ya mnzanga inandimenya pamsongolo. Bala lake silinapose chikhadabo cha chala chachikulu. Patapita masiku ochepa m'mbali mwake munalimba, munatentha, ndipo pakati pankatuluka madzi achikasu. Ndinakawaonetsa a kapitawo ndi kupempha kuti ndipite kuchipatala.

"Akakugoneka kumeneko, zigoli andimwetsera ndani?" anatero. "Agogo ako?"

Anathira fodya wa mphuno ndi mchere pabalapo, kenaka analikulunga ndi nsalu yaitali ija imene asilikali ankamanga m'miyendo kunkhondo. Anamanga molimba mpaka zala zinachita dzanzi. Anati ndisamasule mpaka mpira utatha, poti chilonda chikaona mphepo chimakula.

Ndinakhala chimangire kupitirira sabata. Usiku mwendo unkagunda ngati ng'oma, masana ndinkamva kuzizira dzuwa likuswa mtengo. Tsiku la mpira ndinasewera, ndinamwetsa zigoli ziwiri, ndipo tinapambana. Mzungu anapatsa a kapitawo mbuzi.

Madzulo ake mkazi wanga Malita ananyowetsa nsaluyo ndi madzi ofunda, chifukwa inali itamatirira. Itachoka, ana anathawa m'nyumba ndi fungo. Chilonda chinali chitakula ngati chikhatho, mnofu wake wotuwa, ndipo pakati pankaoneka fupa.

A kapitawo anabwera m'mawa mwake. Anaima pakhomo atagwira mphuno, sanalowe. Tsiku lomwelo anauza a m'timu kuti chilonda sichiwola chokha, koma kuti chinagwidwa ndi munthu wotentha. Kwathu kuno mawu amenewo aliyense amawamva: ankatanthauza kuti Malita akuyenda ndi mwamuna wina. Kuyambira pamenepo palibe mnzanga ndi mmodzi yemwe amene anadzandizonda, ndipo Malita akafika padooko kukatunga madzi, amayi ankasuntha mitsuko yawo.

Amene anandibereka kumsana mpaka pasiteshoni ndi mlamu wanga Fulaide, mlongo wake wa Malita, mmodzi wa osenza mabelo. Chifukwa cha fungo, oyang'anira sitima anatiika m'ngolo yapululu, pamodzi ndi zikopa za ng'ombe.

Kuchipatala cha kuboma azilonda tinalipo ambiri. Tinkagona pamikeka m'chipinda chimodzi chachitali. Belu likalira m'mawa tinkadzikoka kupita pakhonde, kukhala pamzere miyendo itatambasulidwa, aliyense ndi kanthambi kothamangitsira ntchentche. Wotsuka zilonda anali bambo wina wofatsa, a Mateyu. Ankayamba ndi madzi ofiirira a mankhwala, kenaka nkupala mnofu wakufa ndi kachitsulo konga supuni, nkumaliza ndi kupaka mwala wabuluu umene umaluma kuposa moto. Tsiku loyamba anandigwira amuna atatu. Pambuyo pake ndinaphunzira kuluma chitsononkho cha chimanga.

A Mateyu atamva mmene chilondacho chinamangidwira, anapukusa mutu. "Mwendo wa munthu si belo la thonje," anatero. Malita, amene ananditsatira kuchipatalako, anawafunsa motsitsa mawu za nkhani ya kutentha ija. Iwo anayankha mokweza kuti mzere wonse umve: "Mayi, inu mulibe mlandu. Mlandu uli ndi nsaluyo ndi amene anaimanga."

Dokotala wachizungu ankabwera masiku ena okha. Anasindikiza m'mbali mwa chilonda ndi chala, nalankhula, ndipo a Mateyu anamasulira: "Akuti mukanabwera litangochitika, bwenzi mutabwerera tsiku lomwelo. Tsopano tidikira. Chikalowa m'fupa, ndi macheka." Munthu amene ankagona pafupi nane, msodzi wa ku Tengani, macheka anamupezadi. Ndinamva zonse kudzera pachipupa.

Mwezi usanathe ndinaona a Alufandika akulowa pachipata. Ndinadzutsa mutu, poganiza kuti abwera kudzandiona. Anaima chapatali, nanena zimene anabwerera. Timu singakhale ndi mpata, anatero, ndipo asankha Fulaide chifukwa ali ndi liwiro. Malo anga ndi ake, ntchito ya pasikelo ndi yake, nyumba ndi yakenso. Ana anga akhalamo ngati Fulaide afuna.

"A kapitawo," ndinatero, "nanga ndikachira?"

"Timu si chipatala, shamwali. Ndodo ili kuti? Malaya? Ndi nsalu ija, ndi ya timu imene ija."

Malita anali ataiphika m'madzi otentha nkuiyanika pampanda. A kapitawo anaichotsa okha, naipinda bwinobwino, nkunyamuka kuti asaphonye sitima.

Fulaide sindimuda. Munthu amene wasenza mabelo zaka zambiri sangakane mthunzi, ndipo phoso limene ankalandira ndi limene linadyetsa ana anga. Koma sanabwerenso kuchipatala. Anatumiza uthenga kuti a kapitawo aletsa a m'timu kuyandikira azilonda.

Kuchira kunabwera pang'onopang'ono. Mvula itayamba fungo linatha. Kenaka pansi pa chilonda panamera timinofu tofiira ngati maso a mapira, ndipo a Mateyu anati ndicho chizindikiro chabwino. Khungu latsopano linayamba m'mbali, lopyapyala, lonyezimira, likusendera pakati. Ndinayamba kuyenda ndi ndodo ziwiri, kenaka imodzi. Dokotala anasiya kunena za macheka. Ananditulutsa madzi osefukira a Ruo atayamba kuphwa.

Nditafika ku Chiromo ndinapempha malo anga. A kapitawo anati ndithamange kuchoka kugoli kukafika kugoli linalo anthu onse akuona. Ndinathamanga. Mwendo unkatsalira, ndipo bwalo lonse linaseka. "Taonani nkhanu yatuluka m'Shire!" anafuula iwo. Anandipatsa ntchito yothira phulusa m'mizere ya bwalo ndi kutola mpira ukagwera paminga. Masana ndimasesa njere za thonje pansi pa makina. Timagona pakona m'nyumba imene kale inali yanga.

Lero thupi langa lili bwino. Chipsera ndi chachikulu ngati tsamba la mbatata, chimayabwa kukatentha, ndipo ndimatsimphina, koma ndimalima ndi kupalasa bwato. Langizo langa ndi ili. Bala la pamsongolo likatentha m'mbali kapena kutulutsa madzi achikasu, litsukeni ndi madzi owiritsa, musathiremo fodya, musalimange molimba, ndipo pitani kuchipatala lisanakule. Munthu amene akupindula ndi mwendo wanu asakhale ndiye wokuuzani tsiku lopita.

Thonje la chaka chino lagulidwa, ndipo a ku Port Herald akubweranso Loweruka lino. Masiku apitawa ndodo yamenya Fulaide pamsongolo. Dzulo m'mbali mwa balalo munalimba ndi kutentha, ndipo madzulo a kapitawo anafika pakhomo ndi fodya wa mphuno ndi nsalu yomwe ija.

Malita anaima pakhomo atatambasula manja. "Nkhabe!" anakana m'Chisena. "Simulowa. Likawola mudzati watenthetsa ndani tsopano? Inenso, mlongo wake?"

"Choka apa, mkazi iwe. Fulaide, tulutsa mwendo."

Fulaide anali atakhala pamkeka. "Alamu, ndingomanga mpaka Loweruka basi," anandiuza. "Mabelo aja sindingawabwererenso."

Ndinakweza nsalu imene ndinavala, ndinatenga dzanja lake nkuliika pachipsera, pamene fupa lili pafupi ndi khungu. Analisiya pamenepo kanthawi, kenaka anabweza mwendo wake kuchoka kukhomo.

A kapitawo anapinda nsalu yawo. Anati aliyense wokwera sitima kupita kuchipatala wachoka m'timu, ndipo nyumba ikhale yosesa pofika Lolemba. Lero m'mawa ndaona osenza mabelo angapo akusema ndodo za tsanya kuseri kwa makina, aliyense akuyembekeza kuti asankhidwa ndiye.

Sitima yopita kuboma idutsa mawa m'mawa, ndipo ine ndi Fulaide tidzakhalamo. Malita wayamba kale kumanga mphika ndi mikeka. Loweruka timu idzasewera ndi munthu wina pamalo athu aja, ndipo Lolemba tidzatuluka m'nyumba ya kampani, aliyense akuyenda ndi miyendo yake iwiri.